Kugula PlayStation kapena kukweza kompyuta: momwe mungawerengetsere mtengo weniweni muli ku Mzuzu

Mphwanga wa ku Chibavi anafika kunyumba Loweruka lina nyengo yozizira yapitayi atanyamula kompyuta m'thumba la saka, ndipo asanakhale n'komwe pansi anati, "Malume, ndasunga kangachepe. Kodi ndigule graphics card ndiike muno, kapena ndipirire ndiwonjezere ndalama ndigule PS?" Graphics card ndi chiwalo cha kompyuta chomwe chimajambula zithunzi za gemu pa skirini, ndipo PS ndi PlayStation. Funso limeneli ndalimva kambirimbiri pa zaka zomwe ndakhala ndikukonza makompyuta m'tauni muno, ndipo nthawi zonse wofunsayo amakhala atayang'ana mtengo umodzi wokha, wa tsiku logula. Komatu makina osewerera magemu ali ngati ng'ombe ya mkaka, yomwe ndalama yoigulira ndi chiyambi chabe popeza iyenera kudya tsiku ndi tsiku. Chakudya cha makinawa ndi magemu, bandulo ya intaneti, mayunitsi a magetsi ndi zipangizo zomwe zimatha n'kufuna zina. Zomwe ndalemba apa ndi ndondomeko yomwe ndinatsata naye tsiku limenelo, ndipo ndi yomweyo yomwe ndimatsata ndi aliyense wobwera ndi funsoli.

Mitengo ndaitchula m'madola a ku America mwadala. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho mtengo uliwonse wa m'makwacha womwe ndingalembe lero ukhoza kukusocheretsani pakangopita miyezi yochepa. Katundu yenseyu amachokera kunja, ndipo wogulitsa wa kuno amawerengera ndalama yomwe anapezera madolawo, msonkho wa MRA, mayendedwe ochokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe kapena ochokera ku Johannesburg, ndi phindu lake. Mtengo wa m'madola ukuthandizani kudziwa pamene payambira nkhani, kuti mukamva wa m'makwacha muthe kuona ngati wakwera mopyola muyeso.

Choyamba: lembani mayina a magemu omwe mudzasewere

Tengani pepala mulembe magemu asanu omwe mukufunadi kusewera, ndipo pambali pa gemu iliyonse mulembe ngati mudzasewera nokha, ndi anzanu pampando umodzi, kapena ndi anthu akutali pa intaneti. Sitepe imeneyi ambiri amaidumpha, chonsecho ndi yomwe imadula mlandu. Ngati mndandanda wanu uli ndi mpira wokhawokha, monga EA Sports FC, yomwe isanafike 2023 inkatchedwa FIFA ndipo ambiri timaitchulabe choncho, kuphatikizapo Mortal Kombat ndi GTA V, ndiye kuti PlayStation 4 yogwiritsidwapo kale ntchito ikukwanirani, chifukwa ngakhale inatuluka mu 2013, FC 26 ya mu 2025 inatulutsidwanso pa makina amenewa. Ngati mwalemba Counter-Strike 2 kapena Dota 2, amenewo ndi a pakompyuta basi, ndipo ndi aulere. Ngati mtima wanu uli pa GTA VI, dziwani kuti kampani ya Rockstar inalengeza gemuyi pa PlayStation 5 ndi Xbox Series X ndi S, ndipo mbiri ikusonyeza kuti a pakompyuta amadikira: GTA V inatuluka pa console (makina osewerera magemu monga PlayStation ndi Xbox) mu 2013 koma pakompyuta inafika mu 2015.

Pansi pa pepalalo muyankhe funso linanso limodzi: kodi makinawa adzakugwirirani ntchito ina kupatula kusewera? Wophunzira wa ku Mzuni yemwe ayenera kulemba ntchito za kusukulu, kapena mnyamata yemwe akuphunzira kukonza zithunzi ndi mavidiyo a maukwati, afunika kompyuta ndithu, kaya asewere kaya asasewere. Kwa iyeyu mtengo wa magemu ndi ndalama yowonjezera yokha yokwezera kompyutayo, osati mtengo wa kompyuta yonse.

Chachiwiri: dziwani bwino kompyuta yomwe muli nayo

Dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani mawu oti dxdiag, kenako dinani Enter. Patsamba lomwe lituluke muona dzina la processor (ubongo wa kompyuta) ndi kuchuluka kwa RAM (malo omwe kompyuta imasungira zomwe ikugwiritsa ntchito panthawiyo), ndipo pagawo la Display muona dzina la graphics card. Lembani zitatuzi. Mukatero pitani pa tsamba la Steam, sitolo ya pa intaneti ya magemu a pakompyuta, fufuzani gemu iliyonse ya pamndandanda wanu, ndipo pansi pake mupeza zofunika za mitundu iwiri, zochepetsetsa ndi zovomerezeka. Ine ndimalangiza kuti muziyerekeza ndi zovomerezekazo, chifukwa zochepetsetsa zimangotanthauza kuti gemu itseguka, osati kuti musangalala nayo.

Ngati muli ndi laputopu, nkhani yokweza ndi yaifupi. Pa malaputopu ambiri mungathe kuwonjezera RAM ndi kusintha disiki, koma graphics card ndi processor n'zowotchereredwa pa bolodi yaikulu ya mkati (motherboard) ndipo sizichoka. Munthu akakulonjezani kuti akuikirani graphics card m'laputopu wamba, sungani ndalama zanu.

Chachitatu: pezani chiwalo chomwe chikulepheretsa, ndipo musinthe chimenecho chokha

Apa m'pamene ndalama zambiri zimatayikira, choncho tikhalepo pang'ono. Tsegulani gemu yomwe imakuvutani, isewereni kwa mphindi khumi, kenako dinani Ctrl, Shift ndi Esc limodzi kuti mutsegule Task Manager, ndipo muyang'ane gawo la Performance. Ngati disiki ili pa 100 peresenti nthawi zonse ndipo kompyuta imatenga nthawi yaitali kuti iyake, vuto ndi hard disk yakale ija yozungulira, ndipo mankhwala ake ndi SSD, disiki yamakono yosazungulira yomwe imathamanga kwambiri. Ngati Memory yadzaza, pakufunika RAM. Ngati GPU (graphics card) ili pamwamba pomwe CPU (processor) ikupuma, graphics card ndiyo yachepa mphamvu. Koma ngati CPU ndiyo yadzaza pomwe GPU ikungokhala, kugula card yodula n'kutaya ndalama, chifukwa idzangokhala n'kumadikira processor yomwe ikukanika kuiperekera ntchito.

Ndondomeko yogulira iyambe ndi chotsika mtengo. SSD ndiyo imasintha kwambiri khalidwe la kompyuta yakale pa ndalama yochepa, ndipo magemu ena atsopano amaifuna mokakamiza. Kenako RAM ifike 16GB, makamaka timitengo tiwiri ta 8GB m'malo mwa kamodzi ka 16GB, popeza tiwiri timagwira ntchito mothandizana ndipo timathamanga kuposa kamodzi. Musanagule, onetsetsani mtundu wake: DDR3, DDR4 ndi DDR5 zili ndi mpata pamalo osiyana ndipo imodzi singalowe pamalo pa inzake. Pulogalamu yaulere ya CPU-Z ikuuzani mtundu womwe uli m'kompyuta yanu popanda kuitsegula. Mudziwenso kuti chakumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM inakwera kwambiri padziko lonse chifukwa makampani opanga nzeru za makina ankagula zipangizozi mochuluka, choncho mtengo womwe mnzanu anagulira mitengoyi isanakwere musauyembekezere.

Graphics card imabwera pomaliza, ndipo siibwera yokha. Makompyuta ambiri omwe amapezeka m'manyumba ndi m'masitolo kuno ndi aja ankagwira ntchito m'maofesi a kunja, monga Dell OptiPlex ndi HP EliteDesk kapena ProDesk. Ndi makina olimba, koma anapangidwira kulemba makalata. Amene ali ndi bokosi lopyapyala salola card yaitali bwino kulowa, ndipo power supply yake, kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta, ndi yaing'ono, kawirikawiri ya mawati ongopitirira pang'ono 200 kapena osafikanso pamenepo, yopanda chingwe chodyetsera card, komanso nthawi zambiri ya mapulagi akeake moti simungangoichotsa n'kuika ina iliyonse. Mu kompyuta yotere mumalowa card yaifupi yomwe imadya mawati 75 kapena kucheperapo kuchokera pa bolodi pomwepo, monga mitundu ina ya GTX 1050 Ti ndi GTX 1650. Card ngati RX 580, yomwe imagulitsidwa motsika mtengo ndipo imakopa ambiri, imadya pafupifupi mawati 185 ndipo imafuna chingwe chake, kotero kuti mtengo wake weniweni ndi wa card, power supply yatsopano ndi bokosi lalikulu, ndipo mwina bolodi yomwe.

Kompyuta ya mphwanga inali yotere. Titaitsegula patebulo ndinamuonetsa chikwangwani cha pa power supply ndi chala, kenako tinayeza ndi rula mpata wochokera pa bolodi kufika pa chivundikiro, ndipo card yomwe anaiona pa Facebook sikanalowa ngakhale tikanachita chotani. Anakhala chete kwa kanthawi akupukuta fumbi pa fani ndi kansalu, kenako anati, "Ndiye kuti ndikanagula chinthu chongoika pa shelefu." Zikanaterodi.

Pali msampha wina womwe uyenera kudziwika. Card yakale imatha kukhala yamoyo koma yosiyidwa ndi nthawi. GTX 1060 inatuluka mu 2016 pa madola 249 ndipo inatumikira anthu zaka zambiri, koma magemu ena atsopano, monga Doom: The Dark Ages ya mu 2025, amafuna card yokhala ndi luso la ray tracing lojambula kuwala ndi mithunzi ngati zenizeni, lomwe GTX 1060 ndi GTX 1650 zilibe, moti gemuyo siitseguka n'komwe. Kuti mulowe m'gulu lomwe lidzakhalitse, mukuyang'ana card monga RTX 3060 ya mu 2021, yomwe inayamba pa madola 329 ndipo ili ndi 12GB, kapena RX 6600, kapena RTX 4060 ya mu 2023 ya madola 299. Onani kuti card yokhayo yafanana mtengo ndi Xbox Series S yathunthu pomwe inkatuluka. Processor nayo ili ndi malire ake: Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imavomereza ma processor a Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Ngati yanu ndi i5 ya m'badwo wachitatu kapena wachinayi, musathire ndalama zambiri mmenemo. Omwe ali ndi mwayi ndi a bolodi za AMD za mtundu wa AM4, popeza zambiri mwa izo zimalola kuchotsa processor ya Ryzen yakale n'kuika ya gulu la 5000 mutangokweza BIOS, pulogalamu ya mkati mwa bolodiyo, popanda kusintha RAM kapena bolodi.

Chachinayi: werengani mtengo wonse wa console

PlayStation 5 inatuluka mu Novembala 2020 pa madola 499 yokhala ndi polowetsa disiki ndi madola 399 yopanda. Mwezi womwewo Xbox Series X inali madola 499 ndipo Series S madola 299. Kale tinazolowera kuti console imatsika mtengo ikamakalamba, koma m'badwo uno zatembenuka: mu 2025 Sony ndi Microsoft onse anakweza mitengo ku America, ndipo PS5 ya disiki inafika madola 549. PS5 Pro, yomwe inabwera mu 2024 pa madola 699 yopanda polowetsa disiki, sindiiona ngati yoyenera munthu yemwe akuwerenga makwacha.

Ubwino waukulu wa console ndi woti simudzaikweza. Gemu iliyonse yolembedwa PS5 idzasewera pa PS5 yanu mpaka m'badwowu utatha, ndipo pakati pa PS4 ndi PS5 panadutsa zaka 7. Komabe pali zowonjezera zomwe muyenera kulemba. Bokosi limabwera ndi padi imodzi (chogwirira m'manja posewera), pomwe mpira umakoma muli awiri, ndipo padi yachiwiri ya PS5 ndi madola opitirira 70. Mapadi a PS4 sagwira pa magemu a PS5. Mapadi amathanso, makamaka kamtengo kowongolera kamene kamayamba kuyenda kokha, ndipo m'nyumba momwe ana amapikisana tsiku lililonse muyembekezere kukonzetsa kapena kugula ina. Malo osungira nawo ndi ochepa: PS5 yoyamba inalembedwa 825GB koma omwe mungagwiritse ntchito ndi pafupifupi 667GB, ndipo Series S yoyamba ili ndi 512GB yokha.

Langizo langa lolimba pa gawo lino ndi ili: kuno kwathu gulani console yokhala ndi polowetsa disiki. Disiki mungathe kubwerekana ndi mnzanu wa ku Katoto, kusinthana ndi wa ku Mchengautuwa, kapena kuigulitsa mukamaliza gemu, ndipo PS5 ya disiki imaseweranso pafupifupi madisiki onse a PS4, omwe ndi ambiri m'manja mwa anthu ndipo ndi otsika mtengo. Console yopanda disiki imaoneka yotchipa pa tsiku logula, koma imakumangirirani ku sitolo imodzi ya pa intaneti, komwe mumalipira m'ndalama zakunja ndipo gemu iliyonse muyenera kuidawuniloda yonse.

Chachisanu: mitengo ya magemu ndi njira yolipirira

Kwa zaka zambiri gemu yatsopano yaikulu inkagulitsidwa madola 60. Kuyambira 2020 mtengowu unayamba kukwera kufika 70, ndipo mu 2025 Nintendo inagulitsa Mario Kart World pa madola 80. Pa tsiku lotuluka, gemu yaikulu imakhala pa mtengo wofanana kapena woyandikana pa console ndi pakompyuta. Kusiyana kumabwera kwa munthu wodekha. Steam imatsitsa mitengo kwambiri kangapo pachaka, makamaka kumapeto kwa Juni ndi kumapeto kwa Disembala, ndipo magemu a zaka zitatu kapena zinayi zapitazo amatsika mpaka theka kapena kupitirira. Epic Games Store imapereka gemu yaulere sabata iliyonse, ndipo mukaitenga pa akaunti yanu imakhala yanu ngakhale musanaidawunilode. Steam imabwezanso ndalama ngati mwapempha pasanathe masiku 14 ndipo mwasewera maola osakwana awiri, zomwe zimathandiza kwambiri munthu yemwe akukayikira ngati kompyuta yake ikwanitsa. Koma gemu ya pa Steam simungaigulitse kwa wina, pomwe disiki ya PS imabweza gawo la ndalama zanu.

Kusewera ndi anthu akutali pakompyuta n'kwaulere. Pa PlayStation mumalipira PlayStation Plus, yomwe gawo lake lotsika la Essential linafika madola pafupifupi 80 pachaka ku America mu 2023, kupatula pa magemu aulere monga Fortnite ndi eFootball omwe safuna kulipiraku. Ngati pa pepala lanu munalemba kuti mudzasewera ndi anzanu pampando umodzi, ndalama imeneyi ichotseni m'chiwerengero.

Ndiye pali nkhani yolipira, yomwe anzathu a kunja saiganizira n'komwe. Ndalama zakunja n'zosowa m'dziko muno, ndipo khadi ya kubanki imakhala ndi malire kapena imakanidwa. Anthu ambiri amatsegula akaunti ya PlayStation ya dziko la South Africa kapena America n'kumagula makadi a ndalama kwa anthu omwe amalandira malipiro pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo wogulitsayo amaikapo phindu lake. Khadi yotere iyenera kukhala ya dziko lomwelo la akaunti yanu, apo ayi siigwira, ndipo dziko la akaunti ya PlayStation silisinthika mukangoitsegula. Madisiki enieniwo amasewera posatengera dziko lomwe achokera, koma zowonjezera za gemu zogula pa intaneti ziyenera kugwirizana ndi dera la disikiyo. Funsani wogulitsa makadi kuti dola imodzi akuiwerengera makwacha angati, ndipo nambala imeneyo ndi yomwe mugwiritse ntchito pa chiwerengero chanu chonse.

Chachisanu ndi chimodzi: bandulo ndi magetsi

Gemu yaikulu ya masiku ano imakhala pakati pa 50GB ndi 100GB, ndipo ina monga Call of Duty imapitirira pamenepo. Tengani mtengo wa bandulo yaikulu ya TNM kapena Airtel, muugawe ndi magigabaiti ake, kenako muchulukitse ndi kukula kwa gemuyo. Mupeza kuti gemu yomwe imatchedwa yaulere ili ndi mtengo wake, ndipo nthawi zina yotsitsidwa mtengo pa Steam imadya ndalama zambiri pa bandulo kuposa zomwe mwaigulira. Ngakhale disiki imafuna ma update, koma magemu ambiri osewera nokha kapena awiri amayamba popanda iwo. Pali njira zochepetsera. Zimitsani kudawuniloda kochitika kokha pa console ndi pa Steam pomwe. Ngati mnzanu ali kale ndi gemu yomwe mwagula pa Steam, koperani mafayilo ake pa disiki yonyamula m'manja, ndipo Steam idzangowatsimikizira n'kudawuniloda zotsala zochepa. Kuchokera 2023 Starlink ikupezeka m'dziko muno, ndipo ngati muli ndi wachibale kapena malo antchito omwe ali nayo ndipo akulolani, kupita ndi makina anu kumeneko tsiku limodzi kumapulumutsa ndalama zambiri.

Magetsi ndi osavuta kuwerengera. PS5 imadya pafupifupi mawati 200 posewera, choncho maola atatu patsiku kwa masiku 30 ndi mayunitsi 18, osawerengera TV. Kompyuta yomwe ikudya mawati 350 pa maola omwewo imatha mayunitsi opitirira 31. Kusiyanaku pa mita sikoopsa, koma kumakula mukafuna kusewera magetsi atathima, chifukwa inveta ndi batire zokwanira kompyuta yaikulu n'zodula kuposa zokwanira console kapena laputopu. Choopsa chenicheni ndi kubwera kwa magetsi mwadzidzidzi ndi ziphaliwali za nthawi ya mvula, yomwe kuno ku Mzuzu imagwa miyezi yambiri. Ikani pa bajeti yanu UPS, kabokosi ka batire komwe kamasunga makina akuyaka kwa kanthawi magetsi akathima, kapena chotetezera magetsi chabwino ngati ndalama zachepa, ndipo kukayamba kugunda muzule pulagi kukhoma pamodzi ndi chingwe cha mlongoti wa TV. Kuzizira kwa kuno kumathandiza makina kuti asatenthe kwambiri, koma chinyezi chimadya zitsulo za mkati, choncho musawaike pansi pa simenti kapena mogundana ndi khoma lonyowa.

Chachisanu ndi chiwiri: phatikizani zonse pa zaka zitatu

Jambulani mizere iwiri pa pepala lija, wina wa console wina wa kompyuta, ndipo pa uliwonse mulembe mtengo wa makina kapena zokwezera, mapadi, magemu a zaka zitatu, malipiro a pa intaneti, bandulo ndi chotetezera magetsi. Pomaliza chotsani ndalama yomwe mungapeze mutagulitsa madisiki kapena makinawo. Mwachitsanzo, munthu wogula magemu anayi atsopano pachaka pa madola 70 amawononga madola 840 pa zaka zitatu, ndipo akawonjezera PlayStation Plus ya madola 80 pachaka afika 1,080, ndalama yomwe ikuposa kawiri mtengo womwe PS5 inayambira. Munthu yemweyo akamasinthana madisiki n'kumasewera ndi anzake pakhomo, chiwerengerochi chimagwa kwambiri. Mbali inayo, amene ali kale ndi kompyuta ya bokosi lalikulu ndi processor yabwino, n'kungowonjezera card ya madola 300 ndi kumadikira mitengo yotsika ya Steam, akhoza kuwononga zochepa kwambiri. Koma amene ayenera kugula chilichonse kuyambira bolodi mpaka skirini kuti afike pa mphamvu ya PS5, kawirikawiri amalipira kuposa mtengo wa PS5, ndipo zimamupindulira pokhapokha ngati kompyutayo ikumugwirira ntchito ina.

Chachisanu ndi chitatu: yesani musanapereke ndalama

Ambiri a ife timagula zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo apa mpofunika kukumbukira chikomekome cha nkuyu. Ine ndemwe ndinapusitsidwapo. Zaka zingapo zapitazo ndinagula card yolembedwa GTX 1050 Ti kwa munthu wina yemwe anaibweretsa m'bokosi lonyezimira, ndipo chifukwa chofulumira ndinangoona kuti Windows yatchula dzina lomwelo n'kulipira. Kunyumba gemu inkatseguka n'kuzima pakapita mphindi zochepa, ndipo nditachotsa fani ndinapeza kuti mkati munali card yakale kwambiri yomwe anaisintha dzina. Ndalamayo sinabwerere, ndipo inali ya miyezi iwiri yosunga.

Choncho card iliyonse iyesedwe m'kompyuta inu muli pomwepo. Tsegulani pulogalamu yaulere ya GPU-Z, yomwe imaonetsa zenizeni za mkati ndipo imalemba chenjezo pa makadi ambiri achinyengo. Sewerani gemu yolemera kwa theka la ola mukuyang'ana kutentha, ndipo muone ngati pa skirini pakutuluka timadontho kapena mizere yachilendo, komanso mumvetsere ngati mafani akukhuluza. Makadi ambiri otsika mtengo, makamaka RX 580, anagwira ntchito usana ndi usiku pokumba ndalama za pa intaneti mpaka Seputembala 2022 pomwe Ethereum, imodzi mwa ndalamazo, inasiya njira imeneyo, ndipo ena ndi abwinobe pomwe ena ndi otheratu. Disiki iyeseni ndi CrystalDiskInfo, yomwe imaonetsa maola omwe yagwira ntchito ndi thanzi lake.

Pa console, pitani ndi disiki yanu muilowetse ndi kuitulutsa kangapo. Gwedezani pang'ono chingwe cha HDMI muone ngati chithunzi chikuthawa, yesani mabatani onse a padi, ndipo musiye kamtengo kowongolera muone ngati wosewera akuyenda yekha. Yang'anani zomata za kumbuyo kuti mudziwe ngati inatsegulidwapo. Lumikizani pa intaneti ya foni yanu mulowe pa akaunti, kuti mutsimikize kuti makinawo sanatsekeredwe kunja ndi Sony. Wogulitsa akanena kuti muli magemu makumi awiri mkati, funsani kuti ali pa akaunti ya ndani, chifukwa mwini akaunti akaichotsa magemuwo amatsekeka tsiku lomwelo. Ngati ndi PS4 yothyoledwa kuti izisewera magemu okopera, dziwani kuti simudzailumikiza pa PlayStation Network kapena kuikweza pulogalamu yake popanda kutaya zonsezo, ndipo magemu atsopano ofuna pulogalamu yatsopano adzakuvutani. Pemphani lisiti yolembedwa nambala ya makinawo, ndipo mugwirizane masiku angapo obwezera ngati papezeka vuto.

Mphwanga atamaliza kulemba pepala lake, pamndandanda panali mpira, GTA V ndi magemu awiri omenyana, onse osewera ndi anzake pakhomo, ndipo kompyuta ankaifuna polemba ntchito za kusukulu. Tinaika SSD ndi kamtengo kachiwiri ka RAM m'kompyuta ija, card tinaisiya, ndipo ndalama yotsalayo anaiwonjezera miyezi itatu n'kugula PS4 ya disiki yokhala ndi mapadi awiri, yomwe tinaiyesa ola lathunthu m'nyumba ya mwini wake ku Luwinga tisanatulutse ndalama m'thumba.